Mlendo akagona pa Kalomwe amamva nyimbo ya yani?

Kalomwe ndi malo amene anthu ambiri amagonapo asanakonzekere. Kamiyau yocokera kudoko la Beira, kapena yocokera ku Harare kudzera pa Cuchamano, imawoloka Zambezi pa Tete, n'kudutsa Moatize, n'kukhota pa Mussacama kuyamba kukwera mapiri athu ano. Ikafika pamalire mapepala a katundu asanalongosoke, woyendetsa alibe kucitira mwina, agona basi. Ogula mbatatesi ndi nyemba nawonso amagona, kudikira kuti matumba adzaze. Amagonanso amayi a geni, ndi anyamata obwerera ku Joni amene ndalama ya shapa yawathera panjira. Onsewa, dzuwa likalowa ndipo mphepo ya kuphiri la Dedza ikayamba kuluma, amafuna zinthu zitatu: cakudya cotentha, pogona, ndi malo oti acezepo mpaka tulo titabwera. Za nsima ndi za nyumba zogona alendo adzalemba ena. Ine ndikufuna ndiweruze cacitatuco, makamaka nyimbo zimene timam'patsa mlendo ameneyu.

Ciweruzo canga ndicinene poyambirira, kuti wofuna kutsutsana nane akonzekeretu. Usiku wa pa Kalomwe uli ndi phokoso lokwanira mzinda waukulu, koma woimba wamoyo, munthu wogwira nsambo kapena ng'oma ndi manja ake, ngwosowa. Kumene woimbayo akupezekako timam'lipira ndi kacasu, ndipo mlendo safikako. Conco munthu angathe kugona pakati pathu masiku atatu n'kubwerera ku Beira asanamve liwu limodzi la ku Angónia.

Baraka ndi koluna yake

Tiyambe ndi zimene aliyense amaona m'mbali mwa msewu. Baraka ili ndi mabenci, firiji, mabotolo a 2M, Manica ndi Impala, penanso Carlsberg wowoloka kucokera tsidya lija. Pakhomo pali koluna yaikulu ngati bokosi la maliro a mwana, ndipo m'kolunamo mwalowetsedwa fulashi kapena foni ya mnyamata wogulitsa. Nyimbo zimatuluka mosapumira: sungura ya ku Zimbabwe, rege ya ku Malawi, kizomba, pandza ya ku Maputo, amapiano ya ku Joni, ndi za ku Nigeria.

Sindikunena kuti nyimbo zimenezi n'zoipa. Zambiri n'zabwino kwabasi. Alick Macheso, mwana wa ku Shamva amene makolo ake anacokera ku Malawi, amaseweretsa gitala ya besi ngati ikulankhula, ndipo akaponya mawu a Cicewa pakati pa Cishona ife a m'malire timamva kuti ndi mbale wathu. Vuto langa ndi kaperekedwe kake. Sungura inapangidwa kuti magitala atatu azipatsana mpata, ina ikufunsa ina ikuyankha. Ukaikweza mpaka koluna kuyamba kunjenjemera, zonse zija zimasanduka phala limodzi, kumangotsala kugunda kwa pansi kumene kumamveka m'cifuwa osati m'khutu. Ndiye baraka yoyandikana nayo, poopa kuti makasitomala athawira kwa mnzake, nayo imakweza yake. Wacitatu nayenso cimodzimodzi. Woyenda mumsewu amamva nyimbo zitatu nthawi imodzi ndipo palibe imene angaitsatire. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Makoluna ambiri a pa Kalomwe anang'ambika kale, eni ake okha ndi amene sanamve.

Taganizirani woyendetsa kamiyau amene wacokera ku Harare. Macheso wakhala akumumvera m'galimoto kuyambira pa Nyamapanda. Akatsika n'kulowa m'baraka, tikum'patsanso Macheso yemweyo, koma wosamveka bwino kusiyana ndi wa m'galimoto mwake. Iye wabwera kudzaceza, ndipo kuceza ndi kulankhulana: kufunsa za msewu wa kutsogolo, za mtengo wa mafuta, za mvula ya caka cino. M'phokoso lotere munthu sangamve ngakhale moni. Cotsalira n'kumwa mofulumira n'kukagona. Nyimbo imodzi sacezera gule, n'zoona, koma taonanso kuti nyimbo 2,000 za m'fulashi nazonso sizicezera gule ngati palibe woimba.

Cimene Balaka ikutiphunzitsa

Alendo ocokera kumwera kwa dziko lathu amadabwa kuti bwanji kuno, m'Moçambique, nyimbo za ku Malawi ndi zimene zimalamulira. Ife sitidabwa. Nkhondo ya zaka 16 inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi, ndipo midzi yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja. Ambiri a ife amene tili ndi zaka za m'ma 40 tinaphunzira kuwerenga ku Dedza kapena ku Ntcheu, makutu athu n'kukulira pa wailesi ya MBC. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera ndi makasu, mapoto ndi makaseti. Lucius Banda atamwalira mu Juni 2024, pa Kalomwe panali cisoni ngati pa Balaka. Evison Matafale atafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, anyamata a kuno analira naye. Nyimbo zimenezi n'zathu, ndipo palibe cifukwa cocitira nazo manyazi. Cilankhulo n'cimodzi, mitundu ndi yomweyo, mzere wa malire unangojambulidwa ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891.

Koma tiyeni tione bwino cimene timakondaco. Alleluya Band inayamba mu 1978 pa parishi ya Akatolika ku Balaka, motsogoleredwa ndi Paul Banda. Balaka sinali Blantyre kapena Lilongwe. Inali tauni yaing'ono ya pamsewu ndi panjanji, ya anthu odutsa ngati ife tomwe. Cimene anali naco ndi zinthu zitatu: zida zoimbira zosungidwa pamalo amodzi, cipinda cophunziriramo, ndi anthu owamvera kawirikawiri. M'zinthu zitatuzo munatuluka kaimbidwe kamene dziko lonse linakadziwa kuti n'ka ku Balaka. Ku Chileka nakonso, Black Missionaries inapitiriza Matafale atapita cifukwa inali gulu la anthu oimba ndi manja, lotha kuima pamaso pa anthu usiku wonse. Ife tinatengako nyimbo zawo, koma mcitidwe umene unabala nyimbozo tinausiya tsidya lomwelo. Tili ngati munthu wokonda ndiwo za nkhuku amene sanaganizepo zomanga khola.

Woimba wotsamira fulashi

Wina anena kuti, "Iwe ukunama, masewero a oimba amacitika kuno." Amacitikadi, makamaka anthu akagulitsa fodya ndi mbatatesi ndalama zili m'matumba. Mapepala amamatidwa m'mitengo, wailesi imalengeza, anthu amalipira pakhomo. Tiyeni tinene zimene amapeza m'katimo.

Pepala limati 6 koloko madzulo. Woimba amatulukira 10 koloko usiku, amayi amene anabwera ndi ana atabwerera kale. Akatulukira, ali yekha ndi maikolofoni, kumbuyo kwake kuli mnyamata wa laputopu. Nyimbo imayamba monga inajambulidwira, ndi mawu ake omwe. Woimbayo amangokuwa pamwamba pa mawu ake omwe, pena n'kuloza maikolofoni kwa anthu kuti amuimbire, iye akupuma. Mphindi zinayi zikatha nyimbo yatha, ngakhale bwalo litangoyamba kumene kutentha. Magetsi akathima, sewero lonse lafa pomwepo, pakuti palibe ngakhale gitala imodzi yoti agwire podikira jenereta.

Apa m'pamene pali kusiyana kwenikweni. Woimba amene ali ndi anzake ogwira zida amayang'ana miyendo ya ovina. Akaona kuti agogo aja adzuka pabenci, amakodola wang'oma kuti abwereze. Akaona mlendo wa ku Beira pakona, amam'lowetsa m'nyimbo, anthu n'kuseka, mlendoyo n'kutulutsa ndalama mosakakamizidwa. Mtsogoleri amaponya mawu, anthu n'kuvomera, ndipo kuponya ndi kuvomera kumeneku ndiye msana wa nyimbo zathu zonse, kuyambira pamtondo mpaka m'chalichi. Fulashi siona miyendo, simva kuseka, sidikira wovomera. Munthu amene walipira pakhomo kuti amve zimene ali nazo kale m'foni mwake wagulitsidwa mbuzi yake yomwe.

Ndisawalakwire anyamata athu amene akujambula nyimbo pa kompyuta m'tizipinda ta ku Ulongwe ndi ku Dedza. Ena mwa iwo ali ndi mawu akuthwa. Amaimba za ganyu, za mtengo wa feteleza, za mnzawo amene anapita ku Joni osatumiza ngakhale uthenga, za mavenda amene amabera pasikelo. Zimenezi ndi nkhani zathu, m'cilankhulo cathu, ndipo n'zoyenera kumveka. Cimene cimandigwetsa mphwayi ndi pansi pa mawuwo. Kugunda kwake n'kobwereka, kofanana nyimbo ndi nyimbo, kotengedwa pa intaneti kapena m'kiyibodi. Ukacotsa mawu sungadziwe ngati nyimboyo yacokera ku Domwe kapena ku Lagos. Pamene kuseri kwa situdiyo yomweyo kuli amayi odziwa kuomba m'manja mwa citelele, kuli kaponde ka mapazi a ngoma ya Angoni, kuli ng'oma za cimtali zimene palibe kompyuta inazimvapo. Mnyamata woyamba kujambula zimenezo n'kumangapo nyimbo yake adzakhala ndi cinthu coti wa ku Lilongwe kapena wa ku Maputo sangam'lande.

Kuseri kwa msewu

Oimba amoyo alipo, ndipo aliyense wa m'midzi yathu akudziwa kumene ali. Ali pamowa wa masese, pansi pa mtengo kapena m'khumbi la udzu, kutali pang'ono ndi magetsi a pamsewu. Mmodzi ali ndi banjo ya cigubu ca mafuta, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga. Wina wakhalira babatoni, ng'oma yaikulu ya cikopa yokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi yokha, akuikhwekhwereza ndi botolo. Wacitatu ali ndi masece kapena zitsekero za mabotolo zotungidwa pa waya. Kwa ine, nyimbo zabwino koposa za usiku wa kuno zili pamenepa, ndipo ndikufuna ndinene cifukwa cake.

Coyamba, mawu amamveka. Palibe koluna yobisalamo, conco woimba ayenera kukhala ndi cokamba. Amanyoza waulesi, amaseka mkamwini wokonda kudya, amadandaula za msonkho wa pamsika, ndipo womvera amadziwa amene akunenedwa ngakhale dzina silinachulidwe. Caciwiri, banjo ndi babatoni zimagawana nchito mwanzeru: banjo imathamanga pamwamba ngati mwana wotumidwa, babatoni ikuyenda pansi mwacifatse ngati mkulu wobwera m'mbuyo, ndipo pakati pa ziwirizo pamatsala mpata woti phazi la wovina liponde. Cacitatu, nyimbo imakula kapena kufupika malinga ndi anthu amene alipo.

Zofooka zake nazonso ndizinene, pakuti kuyamikira kokhakokha n'kunyenga. Nsambo za waya sizicedwa kumasuka, ndipo oimba ambiri sasamala zoimika pang'ono kuti azikunge, amangopitiriza mawu akupita kwina cida cikupita kwina. Ena ali ndi kayendedwe kamodzi kokha ka zala, kamene amaikapo mawu osiyanasiyana mpaka khutu kutopa. Nyimbo zina n'zotukwana amayi popanda nzeru ina iliyonse, ndipo zimangosekedwa cifukwa anthu aledzera. Coopsa koposa ndi malipiro. Woimba wa pamowa amalipidwa ndi cipanda kapena kabotolo ka kacasu. Ola loyamba amaimba bwino, laciwiri lilime limayamba kulemera, lacitatu wagona cida cili pamimba. Tataya anthu aluso ambiri mwa njira imeneyi, ndipo tonse amene timawagulira mowa m'malo mowapatsa ndalama ya sopo tikuthandiza kukumba dzenjelo.

Amene amaona ngati banjo ya cigubu ndi cida ca amphawi cosayenera kuonetsa alendo akumbukire mbiri. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, ankaimba ndi banjo pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band, ndipo mpaka lero mawu ake akamveka pawailesi anthu amasiya zimene akucita. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo mu 1967, ndipo nyimbo zawo zinakafika ku Ulaya. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anachukanso dziko lonse lapansi atapitirira zaka 90. Madalitso Band, anthu awiri okha, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi cidendene. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako anayamba kuyendera maiko a ku Ulaya. Azungu amalipira ndalama zambiri kuti amve cida cimene ife timacibisa kuseri kwa khola. Koma mlendo wa pa Kalomwe safikako kukhumbi kuja. Njira n'njamdima, sadziwa aliyense, ndipo ali ndi ndalama za ulendo m'thumba. Woimba ali uko, womvera wokhala ndi ndalama ali kuno, pakati pawo pali mamita mazana ocepa okha, ndipo palibe amene waganiza zowakumanitsa.

Umboni wina woti mawu tili nawo ndi pamaliro. Aliyense amene anacezerapo pasiwa m'midzi yathu akudziwa mmene makwaya amaimbira usiku wonse popanda maikolofoni, mawu anayi ogwirizana, m'cisanu ca Julayi. Sindikunena kuti nyimbo za pamaliro zipite kubaraka, ayi. Ndikungoti dera limene lili ndi makosi otere silinganene kuti likusowa oimba.

Zosagulitsa

Ndikalankhula zotere, pamapezeka wina wothamanga magazi amene amati, "Ndiye tibweretse Gule Wamkulu pabaraka, alendo azilipira." Ameneyo ndikutsutsana naye kotheratu. UNESCO inalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi cuma ca anthu onse a padziko, m'dzina la Malawi, Moçambique ndi Zambia, caka comweco cimene inalemekezanso timbila ya Acopi. Ulemu umenewo sukutanthauza kuti gule wasanduka katundu wa pamsika. Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake, amatuluka pamaliro, pacinamwali, pokhazika mfumu, ndipo amatuluka mfumu italola. Cilombo covina pakati pa mabotolo kuti woledzera acijambule ndi foni catha ulemu, ndipo mudzi umene wacitulutsa wadzigulitsa. Mlendo wofuna kuona gule afunse kwa amfumu, apite kubwalo masana, akhale pamene auzidwa kukhala. Akafuna zazikulu apite ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumene Acewa a maiko atatu amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi m'mwezi wa Ogasiti.

Ngoma ya Angoni nayo ili ndi kulemera kwake. Kuno ku Domwe n'kumene Angoni a kwa Maseko anakhazikika m'masiku a Cidyaonga ndi Cikuse, Gomani asanaphedwe ndi Angelezi mu 1896. Munthu akanyamula cishango ndi cibonga n'kuponda pansi, akukumbutsa mbiri imeneyo. Ngoma ingaonetsedwe kwa alendo pabwalo loyera, dzuwa likadalipo, akuluakulu atavomera. Malo ake si pakhonde la mowa pakati pa usiku. Koma cimtali, citelele, mganda, banjo, babatoni ndi gitala ndi zosangalatsa anthu kuyambira kale. Zimenezi zilibe mwambo woletsa, ndipo n'zokwanira kudzaza madzulo a Loweruka lililonse caka conse.

Mawu a mwini baraka

Mwini baraka nayenso ali ndi mlandu wake, ndipo tiumve mwacilungamo. Iye amati koluna sidya, siledzera, sicedwa, sipempha ndalama ya njinga. Anaigula kamodzi basi. Oimba anayi afuna malipiro, afuna nsima, ndipo mwina sabwera n'komwe. Amatinso ndalama za pamalire n'zosadalirika: kasitomala wina ali ndi metikali, wina kwacha, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anthu a tsidya lija anayamba kuwerenga kawiri asanagule botolo. Zonsezi n'zoona.

Komabe masamu ake sanathe. Tiyerekeze kuti anthu 40 alipira mametikali 25 aliyense pakhomo. Ndi mametikali 1,000, ndipo oimba anayi apita kwawo ndi 250 aliyense, mwini baraka asanatulutse kanthu m'thumba mwake. Iye phindu lake lili poti munthu womvera nyimbo amakhalitsa, amaitanitsa cipisi ndi nyama yowocha, amaitana mnzake pafoni. Cinanso, pamene mabaraka onse ali ndi mowa wofanana, mtengo wofanana ndi fulashi yofanana, amene ali ndi cinthu cosiyana ndi amene dzina lake lidzayenda. Oyendetsa makamiyau amauzana zonse: pamene pali nsima yabwino, pamene pali akuba, pamene pali madzi osamba otentha. Adzauzananso pamene pali banjo.

Palinso nkhani ya cilungamo. Nyimbo za m'fulashi zija zili ndi eni ake. Ku Malawi kuli COSOMA kuyambira 1992, kuno kwathu kuli SOMAS, mabungwe oti azitolera ndalama za olemba ndi oimba nyimbo. Koma nyimbo yokopedwa pamsika n'kuikidwa m'fulashi siipereka kanthu kwa mwini wake. Ndalama yopatsa woimba amene waima pamaso pako ndi yokhayo imene ukudziwa kuti yafika.

Amene usiku wathu umawatsekera kunja

Mbali yowawa ya nkhaniyi sindingailumphe. Lowani m'baraka ya pamsewu 11 koloko usiku muwerenge amene alimo. Ndi amuna, ndi atsikana ocepa, ena a iwo a msinkhu woti m'mawa akhale m'kalasi. Lamulo la maiko onse awiri limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, koma mumdima ndi m'phokoso palibe amene amafunsa zaka. Tonse tikudziwa zimene misewu ikuluikulu ya makamiyau yabweretsa m'mabanja mwathu kuyambira pamene Edzi inafika, ndipo manda ake tinakumba ndife. Sindikunena kuti banjo ingacize zimenezi. Ndikunena kuti maonekedwe a malo amasankha anthu obwerapo. Malo amdima, aphokoso, oyamba usiku kwambiri amaitana mtundu umodzi wa malonda. Malo owala, oyamba 5 koloko madzulo n'kutseka nyimbo 9 koloko, kumene munthu angakhale ndi mkazi wake kapena apongozi ake osacita manyazi, amaitana mudzi wonse, ndipo pamene pali maso a mudzi mwana wa sukulu sakhala pamwendo pa mlendo.

Ganiziraninso amayi a geni. Iwonso ndi alendo, ndipo ndi ambiri. Usiku wa pa Kalomwe ulibe malo awo. Amagona pamatumba awo atafunda citenje, akumvera phokoso limene silinawaitane. Akanakhala ndi pokhala, pali tiyi, mandasi ndi nyimbo zomveka mawu, bwenzi akulipira mosangalala. Ndipo anthu okhala pafupi ndi msewu, odwala, makanda ndi ana olemba mayeso, bwenzi akugona nthawi yabwino.

Zimene tingayambe nazo

Sindikupempha holo yaikulu kapena cikondwerero ca ndalama zambiri ngati Lake of Stars. Ku Dzaleka, kumsasa wa othawa kwawo ku Dowa, Menes la Plume anayambitsa Tumaini Festival mu 2014 pamalo amene palibe ankaganiza kuti alendo angapiteko kukamvera nyimbo, ndipo anthu amapitako. Ife tili ndi mwayi woposa pamenepo, cifukwa alendo athu sitiwaitana, msewu umatibweretsera tsiku ndi tsiku.

Kwa eni mabaraka: mmodzi yekha ayese. Loweruka madzulo athimitse koluna maola atatu, ayatse nyali panja, aike mabenci mozungulira, aitane gulu limodzi la banjo. Malipiro agwirizane dzuwa lisanalowe, akhale a ndalama, ndipo mowa wa oimba udikire mpaka atamaliza.

Kwa oimba: fikani nthawi imene mwalonjeza. Kungani nsambo musanayambe ndiponso pakati pa nyimbo. Konzani nyimbo zosacepera khumi zosiyana kayendedwe, ndipo zotukwana muzisiye kukhumbi. Inu a pa kompyuta, pezani wang'oma mmodzi ndi wagitala mmodzi, muphunzire kuimba nyimbo zanu magetsi atathima.

Kwa mabungwe a cikhalidwe, machalichi ndi masukulu: cimene Balaka inali naco ndi cipinda ndi zida zosungidwa bwino. Gitala ziwiri, ng'oma ndi kabuku kolembamo wobwereka n'zokwanira kuyambira. Mawailesi a m'dera ajambule magulu amenewa pamene akuimbira, aziwaulutsa ndi kuchula maina a midzi yawo, kuti woimba wa ku Domwe adziwike ku Lizulu.

Kwa mafumu ndi akuluakulu a boma a m'dera: nthawi yotsitsa makoluna ikhale yodziwika ndipo igwire onse mofanana, pakuti palibe mwini baraka amene angatsitse yekha anzake akukweza.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Wathuyu amakamukadi m'mawa cipata cikatsegulidwa, koma pakapita masabata awiri amabweranso pamsewu womwewu, ndipo amakhala atauza anzake zimene anaona. Pakali pano akawafotokozera za Kalomwe amachula kuzizira, mbatatesi zochipa ndi kucedwa kwa mapepala. Anyamata a banjo ali kuseri kwa msewu, zida zili m'manja, ndipo Loweruka likubwerali alibe kumene aitanidwa.